Mwana akuti tiike manambala a bizinesi pa cloud, kodi ndivomere?

Funso: Ndili ndi masitolo atatu a zipangizo zomangira nyumba kuno ku Zimbabwe, ina ku Machipisa, ina ku Mbare, yachitatu ku Chitungwiza. Mwana wanga amene anaphunzira zowerengera ndalama akulimbikira kuti tiyambe kugwiritsa ntchito Power BI, akuti ndizitha kuona malonda a masitolo onse pafoni ndili kunyumba. Ine mtima ukukana. Zinsinsi za bizinesi yanga zikakhale m'manja mwa anthu osawadziwa? Nanga magetsi akathima? Komanso akuti ndizilipira mwezi uliwonse m'madola. Ndithandizeni maganizo. Mayi wa ku Highfield

Yankho: Mayi, mwana wanu sakunama, ndipo inunso simukulakwa kukayika. Koma zimene zikukuopsani si zimene zimagwetsa anthu ambiri.

Power BI ya Microsoft, kapena Looker Studio ya Google, siigulitsa katundu ndipo siilowa m'malo mwa makina a risiti amene bungwe lotolera misonkho la ZIMRA limafuna kwa olembetsa msonkho wa VAT. Ntchito yake ndi kutenga manambala amene mwalemba kale, kaya mu Excel kapena mu pulogalamu yowerengera ndalama ya Pastel, n'kuwaonetsa moti muone msanga kuti simenti ikuyenda kwambiri m'sitolo iti, penti uti wagona pashelefu miyezi yambiri, ndani akusunga ngongole yanu. Akamati cloud akutanthauza kuti manambalawo akusungidwa pa makompyuta akuluakulu a kampaniyo. Microsoft inatsegula malo otere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019.

Pa nkhani ya zinsinsi, dzifunseni kumene mabuku anu ali lero. Ngati ali pa laputopu imodzi m'sitolo ya ku Mbare, wakuba akathyola chitseko usiku, kapena moto ukabuka, zonse zapita. Makampani akuluakuluwa amateteza makompyuta awo kuposa mmene ife tingathere. Kawirikawiri khomo limatsegulidwa ndi eni ake: pasiwedi imodzi yodziwika ndi antchito onse, kapena wantchito amene anachoka chaka chatha koma akutha kulowabe. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, polowa pazifunikanso nambala yobwera pafoni, ndipo woyang'anira sitolo ya ku Chitungwiza azingoona za sitolo yake basi. Wantchito akachoka, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Palinso lamulo. Cyber and Data Protection Act ya 2021, imene amaiyang'anira a POTRAZ, bungwe loona za mafoni ndi intaneti, imakupatsani udindo wosamala maina ndi manambala a foni a makasitomala anu, ndipo ili ndi zofunika kutsata mukamatumiza zoterezi kunja kwa dziko. Njira yapafupi ndi kusatumiza maina n'komwe. Kasitomala aliyense mpatseni nambala, buku la maina likhale kwa inu.

Za magetsi sindichedwapo. Kampani ya magetsi ya ZESA ikathimitsa, cloud siithima, chimathima ndi intaneti ya m'sitolo mwanu. Malonda azilembedwa tsiku lonse monga mwa masiku onse, n'kutumizidwa madzulo kamodzi. Kasola kakang'ono kapena data ya pafoni n'zokwanira.

Mtengo uli motere. Power BI Desktop ndi yaulere pa kompyuta ya Windows, koma kuti muzigawana malipoti pa intaneti pamafunika Power BI Pro, imene kuyambira Epulo 2025 ndi US$14 pa munthu mmodzi pamwezi. Inu, mwana wanu ndi woyang'anira mmodzi ndiye US$42 pamwezi, US$504 pachaka, osawerengera zimene banki idzadule polipira ndi khadi. Looker Studio ndi yaulere ndipo imagwirizana bwino ndi Google Sheets, imene ili ngati Excel ya pa intaneti. Pa masitolo atatu ine ndingayambire pamenepo.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, chimene simunafunse. Kuno timagulitsa ndi ndalama ziwiri, dola ya ku America ndi ndalama yathu ya ZiG. ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho inagwa mphamvu tsiku limodzi, kuchoka pa pafupifupi 14 kufika kupitirira 24 pa dola imodzi. Wamalonda amene ankaphatikiza zonse mu ZiG akanaona mzere wa malonda ukukwera bwinobwino mu Okutobala, pomwe matumba a simenti otuluka pakhomo sanachuluke ngakhale limodzi. Pulogalamu siidziwa kuti mwaipatsa manambala osokonekera. Imawajambula mokongola, inu n'kukaoda katundu wambiri podalira chithunzi chonama, mpamba n'kumangika. Ichi ndiye chimandiwawa, chifukwa munthu walipira ndalama zake kuti asocheretsedwe.

N'chifukwa chake malonda aliwonse azilembedwa ndi tsiku, sitolo, katundu, kuchuluka kwake, mtundu wa ndalama, mtengo wosinthira wa tsikulo, ndi njira yolipirira, kaya kashi, ndalama za pafoni za EcoCash kapena khadi. Posiyanitsa mwezi ndi mwezi muziyang'ana madola komanso kuchuluka kwa katundu amene watuluka. Maina a katundu akhalenso amodzi m'masitolo onse. Wa ku Mbare akalemba "simenti", wa ku Machipisa "PPC 50kg", wa ku Chitungwiza "cement", kompyuta iziwerenga ngati zinthu zitatu zosiyana. Ndipo katundu wotengedwa pangongole, ngakhale ndi m'bale amene akumanga nyumba ku Epworth, alembedwe. Apa m'pamene ambiri timafooka, poopa kuoneka ouma mtima kwa achibale, koma malata khumi osalembedwa adzaoneka ngati abedwa, wantchito wosalakwa n'kukayikiridwa.

China, Mayi, ndinene mwaulemu: akauntiyo itsegulidwe m'dzina la bizinesi, ndi imelo ya bizinesi, ndipo pasiwedi yaikulu muidziwe inuyo. Mwana akhoza kupeza ntchito ku Johannesburg mawa lino, ndipo si bwino kuti mabuku anu atsatire imelo yake. Akuphunzitseninso, inu ndi wantchito mmodzi wodalirika, kutsitsa manambala onse mu Excel kumapeto kwa mwezi n'kuwasunga padera. Mukatero, tsiku lofuna kusiya pulogalamuyo mudzachoka ndi zanu zonse.

Muuzeni mwanayo kuti mwavomera, koma ayambe ndi sitolo ya ku Machipisa yokha kwa miyezi itatu, pa Google Sheets ndi Looker Studio. Lipoti liziyankha mafunso atatu: chikuyenda n'chiyani, chagona n'chiyani, ngongole zili kwa yani. Kumapeto kwa mwezi uliwonse werengani katundu ndi manja, mufanizire ndi zimene foni ikunena. Zikagwirizana miyezi itatu yonseyo, onjezani Mbare ndi Chitungwiza, ndipo za kulipira Power BI mukambirane nthawi imeneyo.