Kupima agogo kumayambira pa mpando

Funso: Ndine namwino pa chipatala chaching'ono kufupi ndi Dómuè, m'boma la Angónia. Andiuza kuti ndiphunzitse ma APE athu (azaumoyo oyendera anthu m'midzi) kapimidwe ka anthu okalamba. Kunena zoona, agogo akabwera timangowayeza BP, kuwapatsa paracetamol, basi azipita. Ndiyambire pati? Namwino wa ku Dómuè

Yankho: Achemwali, yambani ndi mpando. Ine ndikamaphunzitsa, tsiku loyamba buku limakhala chitsekere. Ndimapempha agogo amodzi a m'mudzi wapafupi kuti atithandize, ophunzira n'kukhala pansi kuonerera. Agogowo apinde manja pachifuwa, adzuke ndi kukhalanso kasanu osagwira paliponse. Malangizo a kasamalidwe ka okalamba a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, otchedwa ICOPE, amene buku lake linatuluka mu 2019, amati azitha zimenezi m'masekondi 14. Akalephera, miyendo yafooka, ndipo mawa lino akhoza kugwa popita kuchimbudzi usiku.

Pampando pomwepo zina zonse zimatsatira. Atchulireni mawu atatu, monga khasu, mbuzi, mchere, chezani zina, kenaka muwafunse ngati akuwakumbukira. Imani kumbuyo kwao n'kunong'oneza, muone ngati akumva. Funsani ngati maso akuchita chifunga, chifukwa ng'ala imachotsedwa ndipo munthu amaonanso. Sikelo ikasowa, funsani ngati chitenje kapena lamba wayamba kukhwepa. Kutsika makilogalamu opitirira 3 m'miyezi itatu popanda chifukwa ndi chenjezo. Muyang'anenso m'kamwa. Ambiri amasiya kudya chifukwa mano anatha, pamene ndiwo za pakhomo ndi nyemba zosapsa bwino.

Chimene chimandipweteka mtima ndi nkhani ya kuiwalaiwala. Ndinaonapo mayi wina wokalamba cha ku Tsangano amene anayamba kutuluka usiku n'kumasochera m'minda ya mbatatesi, anthu n'kumati akutamba. Anali wodwala, ndipo ife tinkangomuyeza BP miyezi yonseyo. Muwauze ma APE anu kuti kusokonezeka kumene kwabwera mwadzidzidzi, dzulo ali bwino lero sakukudziwani, kawirikawiri kumachokera ku malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo kapena mankhwala ochuluka. Ameneyo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Kumene kwabwera pang'onopang'ono kwa zaka ndi nkhani ina, ndipo apo pamafunika kukhala pansi ndi abale, nthawi zina ndi amfumu omwe.

Mankhwala abweretse onse m'jumbo, a kuchipatala, a kumsika ndi a kwa asing'anga. Agogo amene akumwa mankhwala a BP n'kumamva chizungulire akadzuka, muwayeze atagona, kenaka ataimirira.

Kapimidwe kotere kanayamba ndi Dokotala Marjory Warren wa ku London. Mu 1935 anapatsidwa odwala okalamba amene onse anali atawatayira chiyembekezo, iye n'kuwapima mmodzimmodzi, ndipo ambiri anadzuka n'kubwerera kwao. Sanagwire yekha, nanunso musagwire nokha. APE ndiye amalowa m'nyumba: amaona ngati pali woti atunge madzi, ngati bulangete lilipo m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi kwa kwanuko, ngati agogo akusamba, kuvala ndi kudya okha. Inu mumaona thupi ndi mankhwala. Za maso ndi zolemera mumazitumiza ku Ulónguè kapena ku Tete. Amene alibe womusamala, mulembereni kalata yopita ku bungwe la boma la INAS, kumene kuli chithandizo cha ndalama cha okalamba osauka.

Funso la mumtima lisasiyidwe: "Agogo, masabata awiri apitawa mwakhala mukumva chisoni, kapena zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso?" Achinyamata amachita manyazi kufunsa wamkulu zotere, choncho ayeserere awiriawiri mpaka lilime lizolowere. Afunse atakhala pansi, mdzukulu atatuluka panja. Zonse zilembedwe papepala limodzi la agogowo, ndipo pakatha miyezi itatu APE yemweyo abwerere ndi pepalalo, awakhazikenso pampando.