Tchuthi cha mu Ogasiti ndi nkhani ya mashowo ku Zomba

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wobadwira ku Chinamwali amene pano akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Akubwera kumudzi mu Ogasiti, sukulu zikatsekera kumeneko, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 15 yemwe oimba akwathu amangowamvera pa foni. Akufunsa kuti: "Masabata atatu amenewa ndiwagawe bwanji kuti mwanayu aone oimba maso ndi maso? Kodi Lake of Stars kapena Sand Music tidzaipeza? Nanga tikhale ku Zomba konko, kapena tichite lendi nyumba ku Blantyre komwe kumachitika zambiri?"

Achemwali, ndiyambe ndi yowawa. Zikondwerero zikuluzikulu mwatchulazo mu Ogasiti simudzazipeza. Lake of Stars, yomwe inayamba mu 2004 ku Chintheche, imakonda kuchitika cha mu Sepitembala, ndipo sichitika chaka ndi chaka, malo akenso amasinthasintha. Sand Music Festival, yomwe anayambitsa malemu Lucius Banda mu 2010, nayo imadikira kuti kunja kutenthe. Tumaini ya ku Dzaleka, yomwe anayambitsa mlakatuli wothawa kwawo Menes La Plume mu 2014 ndipo kulowa kwake n'kwaulere, imabwera cha kumayambiriro kwa Novembala. Chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka chimachitika kumapeto kwa Novembala, mwezi womwe anamwalira mu 2001. Ngakhale Zomba City Festival yathu yomweyi imakhala itadutsa kale cha mu Epulo. Chifukwa chake n'chosavuta. Mu Juni, Julayi mpaka Ogasiti kunyanja kumaomba mwera, usiku kumazizira, ndipo palibe amene angalipire tikiti yodula kuti akachezere kunjenjemera pa mchenga. Okonza amasankha kanthawi kaja ka pakati, kuzizira kutatha, mvula isanagwe.

Ndiye musataye ndalama ya lendi ku Blantyre. Kuchoka kuno kukafika kumeneko sipakwana makilomita 70, msewu ndi wa tara, ndipo mukamva kuti kuli showo yoti simungaiphonye mukhoza kunyamuka masana, kugona usiku umodzi, m'mawa n'kubwerera. Khalani kwanu ku Chinamwali. Ogasiti wa ku Zomba ali ndi nyimbo zake zomwe sizilembedwa pa posita, ndipo kwa mwana amene akufuna kudziwa kumene anachokera, ine ndimaona kuti zimenezo ndi zolemera kuposa siteji ya magetsi ambiri.

Ndikunena manganje. Mukudziwa nokha kuti tchuthi chachitali cha sukulu ndiyo nthawi ya zinamwali m'midzi ya Ayao, cha ku Songani, Domasi, Malosa mpaka kulowera ku Machinga. Tsiku lotuluka ana ku ndagala, mudzi wonse umakhala pa msewu. Muuzeni mwanayo ayang'anitsitse oimba ng'oma gule asanayambe: amakoleza moto wa udzu pambali, n'kumawamba chikopa cha ng'oma, akuigogoda ndi chala mpaka mawu ake atakwera pofunikira. Pakati pa gule ng'oma ikafooka, mnyamata amathamanga nayo kumoto kuja ina ikulira, osadukiza. Amayi atamanga zitenje m'chiuno, wina akutsogolera nyimbo, gulu lonse likuvomera, fumbi lili koboo, ndalama zikufupidwa. Mwana womvetsera bwino adzazindikira msanga kuti kagundidwe kameneka anakamvapo kale m'nyimbo za achinyamata zomwe ali nazo mu foni, pakuti ambiri a iwo akutapa pomwepa. Koma chonde, mwambowu uli ndi eni ake. Pitani ndi wachibale wodziwika m'mudzimo, kalonjereni amfumu, ndipo foni isatuluke m'thumba musanapemphe. Mukamvanso kuti kwinakwake kuli beni, musazengereze. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo kumuonera mu mzinda womwe uli ndi Cobbe Barracks ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles (KAR) kumamveka mwamtundu wina.

Tsopano mashowo a bandi. Ma Black Missionaries a ku Chileka ndi magulu ena otere sapuma, amayenda m'maboma pafupifupi sabata iliyonse, ndipo Zomba, Liwonde ndi Balaka zili pa njira yawo. Vuto n'lakuti ndondomeko yawo siidziwika miyezi itatu pasadakhale. Imatuluka pa Facebook, pa wailesi ndi pa maposita omata m'mitengo cha ku depoti patangotsala masiku ochepa. Ndiye musayembekeze kuti mugula matikiti muli ku Manchester. Mukafika, gulani simu ya kuno, mutsegule Airtel Money kapena Mpamba, muyambe kutchera khutu.

Apa ndinene poyera: showo ya usiku ya m'malo omwera mowa si ya mtsikana wa zaka 15. Posita imati 7 koloko, koma bandi yeniyeni imakwera cha m'ma 10 kapena 11, otsegulira atatha kusinthana maikolofoni, ndipo pofika nthawi imeneyo mabotolo achuluka pansi. Funani mashowo a Lamulungu masana aja amati a banja. Oimba ake ndi omwewo, zida ndi zomwezo, koma kunja kukuwala, ana ali pomwepo, ndipo pofika mdima mwafika kale kunyumba. Fikani msanga mupeze akuyesa zida. Pamenepo m'pamene mwanayo angaime pafupi n'kuona woimba bezi akukangana ndi wa pa mikisa, wa kiyibodi akubwereza kachigawo kamodzimodzi mpaka katakhala, ndipo nthawi zambiri oimba athu sakana kupereka moni ndi kujambulitsa. Kukhazikitsa chimbale cha nyimbo zauzimu nakonso kumachitika Lamulungu masana, ngakhale muyenera kupirira nthawi yaitali ya alendo olemekezeka kugula chimbale pa mtengo wopikisana. Ku Great Hall ya ku Chanco, komwe tsopano ndi University of Malawi, kumakhala zochitika ophunzira akakhala pa sukulu, choncho funsani kaye ngati atsegulira.

Makwaya musawaderere. Misa ya ku Cathedral kapena mapemphero a ku Zomba CCAP ndi konsati yosalipira, ndipo Ogasiti ndi mwezi wa maukwati, Loweruka lililonse kuli kwina kovina. Ndipo paja mzinda uno uli ndi mbiri ina yomwe mwanayo angakanyadire kwa anzake: nyimbo zomwe anajambula akaidi ndi asilikali a ku ndende yaikulu ya Zomba mu 2013 zinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba kuti Malawi afike pamenepo. Kundende sikongolowa ngati kumsika, koma nyimbozo zili pa intaneti, mukhoza kumumvetsera musanadutse pa mpanda uja.

Ena akuuzani za Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, Loweruka lomaliza la Ogasiti, komwe gule wamkulu amatuluka wamitundumitundu pamaso pa Gawa Undi. N'zoona, ndi chinthu chachikulu. Koma kuchokera ku Zomba ndi ulendo wodzera ku Lilongwe, Mchinji ndi Chipata, ndi mapasipoti m'manja, ndipo ukudyerani masiku anayi kapena asanu. Pa masabata atatu ine sindingatero. Bola masiku awiri ku Mangochi, mukadye chambo, pobwerera muime ku Liwonde mwana akaone njovu ndi mvuu mu Shire. Mukafuna kukhota pang'ono, Balaka ili pafupi, kwawo kwa Alleluya Band ndi abale awiri aja, Paul ndi Lucius Banda.

Za kuphiri sindikuphunzitsani, munakulira m'munsi mwake. Kungoti mwanayo mukwere naye tsiku lopanda chiperoni, apo ayi ku Emperor's View, komwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, akangoonako nkhungu m'malo mwa nyanja ya Chilwa. Ma Rasta amalemekeza malo amenewa, ndipo ndi poyambira pabwino kumufotokozera chifukwa chake rege anazika mizu chonchi kuno kwathu.

Tengani majekete enieni, usiku wa Ogasiti kuno sukusiyana kwenikweni ndi zomwe mwazolowera uko. Ngati inuyo mudzafune kupita nokha ku showo ya usiku, panganani ndi wa takisi wodziwika dzuwa lisanalowe, musadalire kabaza 2 koloko m'bandakucha. Ndipo achibale auzeni mukadali konko kuti ma Lamulungu awiri masana ndi a mwana. Mukapanda kutero, azakhali a ku Jali, kukaona manda ku Thondwe ndi milandu ya munda zikutherani masiku onse, mtsikanayo adzakwera ndege ataona mipando ya pabalaza yokhayokha.