Kodi ndigule transport ndi DAC, kapena CD player yangayi ikukwana?

Bambo wina wandilembera kuti ali ndi zimbale zambiri, ampulifaya ndi masipika awiri. Mnzawo wawauza kuti CD player yawo yakale aisiye, agule transport ndi DAC yapadera, apo ayi nyimbo sakuzimva mmene zinajambulidwira. Akufunsa ngati n'zoona.

Bambo, musathamangire kugula. Mu CD player iliyonse muli zinthu ziwiri. China ndi makina ozungulitsa chimbale ndi kuwerenga manambala ake ndi laser, ndiye transport imeneyo. China ndi DAC, kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu amene ampulifaya ingathe kukweza. Wogula ziwirizi padera wangogula CD player ya m'mabokosi awiri.

Zimene zili pa chimbale sizisintha ndi mtengo wa makina. Philips ndi Sony atagwirizana mu 1980 anakhazikitsa kuti CD izikhala ya 16-bit ndi 44.1 kHz, ndiye kuti mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi. Transport ngati Cambridge CXC kapena Audiolab 6000CDT ikawerenga chimbale chosakalika imatulutsa manambala omwewo amene player yanu, ngati ili bwino, ikutulutsa. Ogulitsa amakonda kutchula jitter, kusokonekera kwa nthawi imene manambala akufikira ku DAC. Ilipodi, koma ma DAC ambiri a masiku ano amaichepetsa kwambiri, ndipo ineyo sindingataye ndalama zanga chifukwa choiopa.

Tasuzumirani kumbuyo kwa player yanuyo. Ngati pali pobayira waya polembedwa coaxial kapena optical, transport muli nayo kale. Ngakhale ma DVD player ambiri ali napo. Waya wa coaxial akhale wa 75 ohms, basi, osati wodula ayi.

DAC yapadera ndimaiona ya phindu ngati mukufuna kulumikizapo zinthu zingapo: CD pa coaxial, TV pa optical, kompyuta pa USB. Apo ka DAC ka Topping, SMSL kapena Schiit Modi kamagwira ntchito yooneka. TV ndi DVD player muzisinthe kuti zizitulutsa mawu mu PCM, mtundu wa manambala womwewo wa pa CD, chifukwa ma DAC ambiri a stereo sadziwa Dolby Digital, mtundu wa mawu a m'mafilimu, mungangomva phokoso kapena zii.

Mnzanuyo akabwera ndi DAC yake kuti muyerekeze, samalani ndi voliyumu. Ma CD player ambiri amatulutsa pafupifupi mavolti 2 kupita ku ampulifaya, ma DAC ena amaposa pamenepo, ndipo khutu limanyengeka: chokwera pang'ono chimamveka ngati chokoma. Linganizani kaye, ndipo wina azisintha mawaya inu osaona. Mukapanda kusiyanitsa, ndalamazo zipite ku masipika, chifukwa kusiyana kwakukulu kumamvekera kumeneko. Kungowachotsa pakona n'kuwakweza kufika pa msinkhu wa makutu kumasintha zambiri osalipira kanthu.

Ngati player yanu yayamba kudumphadumpha nyimbo, pukutani kaye kagalasi ka laser. Ikapitiriza, mwina laser yatopa, ndipo apo ndiye kugula ina kuli ndi chifukwa. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyese ndi chimbale chokalika pang'ono komanso chokopera pa kompyuta, muonenso ngati kathireyi koikapo chimbale kakutuluka kosakankha. Werenganinso zolembedwa kumbuyo. Zochokera ku Japan zimafuna mavolti 100, za ku America 120, pamene magetsi a kwathu kuno ndi 230. Kuzibaya pa soketi popanda thiransifoma n'kuziwotcha. Za ku Britain zilibe vuto limenelo, ndipo pulagi yake ndi yathu yomweyi.