Mchere wa ku Sowa: yankho kwa achemwali ofuna kukaoda okha

Achemwali, pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu unandipeza ndili pa ulendo. Mwandiuza kuti mwatha zaka zinayi mukupima mchere mu msika, kuti mumaoda matumba asanu kapena khumi m'maholoselo a ku Malangalanga, ndipo pa matumbapo mumawerenga kuti mcherewo wachokera ku Botswana. Ndiye mukufunsa kuti kumeneko n'kotani, ngati munthu wonga inu angathe kukaoda yekha, komanso ngati mungatenge zitenje ndi mpunga wa kilombero n'kukagulitsa konko kuti ulendo udzilipire wokha.

Ndiyambe ndi chimene ndikanakonda wina akanandiuza ine ndisanaponye ndalama zanga. Pa malonda a mchere, chimene mumalipira kwenikweni ndi msewu. Mcherewo kumene ukuchokera ndi wotsika mtengo, koma pomafika ku Lilongwe ndalama zambiri zimakhala zathera ku dizilo, kwa mwini thiraki, kwa ma ejenti ndi ku misonkho ya m'njira. Thumba la mchere la makilogalamu 50 limalemera chimodzimodzi ndi la shuga, limadya malo omwewo pa thiraki, koma phindu lake ndi kachinthu kochepa. N'chifukwa chake mchere sunyamulidwa pa basi monga tinkachitira ndi mabulangete ndi nsapato za ku Joni. Umafuna thiraki yodzaza, matani 30 kapena kuyandikira pamenepo, kutanthauza matumba ngati 600.

Mchere umenewu umachokera ku Sowa, katawuni ka ku Botswana. Ife tikamva dzinali maganizo amathamangira ku kusowa, ndipo nditafika koyamba ndinaona ngati analitcha ndi munthu wakwathu, chifukwa maso amasowadi pogwira. Koma m'chilankhulo cha Asan, eni nthaka akalekale a chipululu cha Kalahari, mawuwa amatanthauza mchere. Mukachoka ku Francistown pa msewu wa A3 wopita ku Nata, mumayenda pakati pa mitengo ya tsanya mtunda wautali, kenako musanafike ku Nata mumakhotera kumanzere. Mitengo imayamba kufupika, kubwera udzu wouma ndi migwalangwa apo ndi apo, mpaka nthaka yokha n'kusanduka yoyera. Amenewo ndiwo Makgadikgadi, pamene kalekale panali nyanja yaikulu imene inaphwa n'kusiya mchere wake. Chigwa cha Sua Pan, chimene tawuni ya Sowa ili m'mphepete mwake, ndi mbali imodzi ya malo amenewa. Ndi chosalala ngati mbale, chopanda mtengo, chopanda chulu, ndipo masana dzuwa likawomba pamenepo maso amachita kuwawa. Munthu wokulira pakati pa mapiri a ku Dedza ngati ine, mtima umayamba kaye wachita mantha.

Mvula ikagwa bwino malowa amasintha. Mtsinje wa Nata, umene umachokera ku Zimbabwe, umathira madzi kumpoto kwa chigwachi, ndipo kumabwera mavuwo ndi mbalame za flamingo, zija zamiyendo yayitali ndi nthenga zofiirira, zochuluka moti madzi amaoneka ngati ayalidwa nsalu. Anthu a ku Nata ndi midzi yoyandikana nayo ali ndi malo otetezera mbalamezi ndipo amapezapo kangachepe kwa alendo odzaona. Ife a mchere nyengo imeneyi timaiopa, ndifotokoza chifukwa chake.

Kapangidwe ka mcherewo n'kosavuta kumva kwa amene anaonapo amayi a ku Chikwawa akusefa dothi lamchere n'kuphika madzi ake mpaka aphwe. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Sowa nkhuni zawo ndi dzuwa. Pansi pa chigwacho pali madzi owawa mchere kwambiri. Kampani ya Botash inakumba zitsime zambiri, imapopa madziwo n'kuwathira m'maiwe akuluakulu osaya, ndipo dzuwa ndi mphepo zimawaphwetsa pang'onopang'ono. Madzi a m'maiwemo amafiira, ena mpaka kuoneka ngati magazi. Mchere ukakhazikika pansi, makina amaukokolola, kuutsuka, n'kuuunjika milu yaitali ngati timapiri. Madzi otsalawo samawataya. Amapita ku fakitale kumene amatulutsamo soda ash, m'bale wake wa soda uja timathira mu therere, ndipo ameneyu ndiye amanyamulidwa kwambiri kupita ku South Africa kokapangira magalasi ndi mabotolo. Njanji yochokera ku Francistown inayalidwira katundu ameneyu. Mudziwe zimenezi kuti musadzadabwe: thiraki yanu imodzi ya mchere wa pa ndiwo ndi kadontho chabe pa zimene zimatuluka pa geti lija tsiku ndi tsiku.

Tawuniyo inabadwa mu 1991 pamodzi ndi fakitale, ndipo anthu ake sakwana 4,000. Kunalibe mudzi waukulu umene unakula n'kukhala tawuni monga zinachitikira Ntcheu kapena Kasungu. Anajambula pa pepala, n'kumanga nyumba za antchito m'mizere, sukulu, chipatala chaching'ono, polisi, ofesi za khonsolo ndi masitolo ochepa. Misewu ndi yaukhondo, bata lake ngati Lamlungu m'mawa sabata yonse. Madzi akumwa amachokera kutali pa mapaipi, ku zitsime za ku Dukwi, chifukwa a pansi pa tawuniyo ndi amchere. Kulibe munda wa chimanga umene mungauloze, kulibe dimba, kulibe mayi wokhala pa mphambano ndi mulu wa tomato wothyola yekha. Chilichonse chimene munthu amadya chinakwera galimoto. Ndalama ya dzikolo amaitcha pula, kutanthauza mvula, ndipo mukagona ku Sowa masiku atatu mu Okutobala mumamvetsa chifukwa chake anthu anasankha dzina limenelo. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka m'mafupa, mu Ogasiti mphepo imanyamula fumbi loyera lolowa m'mano ndi m'chakudya momwe.

Pafupifupi aliyense kumeneko amadya za mchere: wogwira ntchito ku fakitale, wa kontirakiti, mphunzitsi wophunzitsa ana awo, wapolisi, wa sitolo. Theka la kampaniyo ndi la boma la Botswana. Kampani yoyamba imene inatsegula fakitaleyo inagwa mu 1995 isanakonzedwenso n'kukhala Botash ya lero, ndipo anthu a ku Botswana anaonanso ndi maso awo zimene zinachitikira tawuni ya Selebi-Phikwe mgodi wake wa BCL utatsekedwa mu 2016. Ndiye munthu wa ku Sowa, ngakhale alandire bwino, mtima wake suli pamenepo. Amamanga nyumba kwawo, ng'ombe zake zili ku khola la kumudzi, ndipo malipiro akangolowa amakwera galimoto kukagula zinthu ku Francistown. Ine sindiwadzudzula, nanenso ndikanatero. Koma kwa wamalonda tanthauzo lake ndi limodzi: ndalama imalandiridwa ku Sowa, n'kukadyedwa kwina.

Apa ndiye pali yankho la zitenje ndi mpunga wanu. Musatenge. Anthu ndi ochepa, ndipo amene angagule chitenje agula kamodzi basi. Komanso lamulo silili kumbali yanu. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku Botswana popanda viza, koma mumalowa ngati mlendo, osati wogulitsa, ndipo malonda ang'onoang'ono ambiri anawasungira nzika zawo. Pa zakudya amakhwimitsa kwambiri. Mu 2022 analetsa kulowetsa tomato, anyezi, mbatatesi ndi masamba ena kuti alimi awo apeze msika. M'misewu muli mageti a zaziweto oteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, pamene mumatsika, kuponda nsapato m'mankhwala, ndipo nyama yaiwisi imatsala pomwepo. Ng'ombe kwa iwo ili ngati fodya kwa ife, sachita nayo masewera.

Kagulidwe kake kali motere. Simufika pa geti ndi ndalama m'chikwama n'kunena kuti ndipatseniko matumba makumi awiri. Oda imapangidwa muli kuno, kwa kampaniyo kapena kwa ogawa amene ali nayo pa mgwirizano, ndipo ambiri a ife ang'onoang'ono timadzera mwa ogawawo. Amakutumizirani invoyisi, mumalipira kudzera ku banki, kenako mumapatsidwa nambala imene dalaivala akaonetse. Thiraki imakwera pa sikelo ilibe kanthu, imapakira, n'kukweranso pa sikelo. Povuta pa zonsezi ndi pa banki. Ndalama zakunja zimasowa, pempho lanu likhoza kukhala masabata, ndipo kwacha ikagwa muli pa mzere, masamu onse amafa. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atagulitsa mchere pa ngongole pa mtengo wakale analephera kudzazanso thiraki.

Pa mapepala, chimene ambiri amalakwitsa ndi ichi. Botswana ili mu SADC koma siili mu COMESA, choncho kafomu kosavuta ka amalonda ang'onoang'ono kamene timagwiritsa ntchito pa Mchinji ndi katundu wa ku Zambia sikagwira pa mchere umenewu. Mumafunika satifiketi ya SADC yoonetsa kumene katundu wapangidwa, ndipo imeneyi muifunse kwa wogulitsa thiraki isananyamuke. Mufunikanso ejenti wa kasitomu wolembetsedwa, wa ku MRA kuno ndi wina wodutsitsa katundu m'dziko la pakati.

Njira zilipo ziwiri. Ya kumpoto imachoka ku Nata kupita ku Kazungula, makilomita pafupifupi 300 a tchire lokhala ndi njovu zimene zimaima pa tala penipeni, moti dalaivala wanzeru sayendapo usiku. Kale pa Kazungula tinkagona masiku kudikira pantoni, koma mlatho unatsegulidwa mu Meyi 2021 ndipo mapepala a mayiko onse awiri amathera malo amodzi. Kuchoka apo ndi Livingstone, Lusaka, mapiri a ku Luangwa amene thiraki ya mchere imakwera ngati nkhalamba, Chipata, Mwami, n'kulowa Mchinji. Ya kummwera imabwerera ku Francistown, kudutsa Ramokgwebana ndi Plumtree, Bulawayo, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza. Imeneyi imakomera a ku Blantyre, koma mayiko apakati ndi awiri, ndiye malire ndi zolipira zimachulukanso. Inu a ku Lilongwe tengani ya kumpoto.

Ndipo musatumize thiraki yopanda kanthu kuchoka kuno, mudzalipira ulendo wopita ndi wobwera womwe. Funani thiraki imene yakatsitsa katundu ku Francistown, ku Gaborone kapena ku South Africa ndipo ikufuna chonyamula pobwerera. Mwini wake amalola mtengo wotsika chifukwa kubwera chabe n'kuluza. Phindu langa lonse, zaka zonsezi, lagona pamenepa.

Za mvula zija. Chaka china mu Januwale ndinagwirizana ndi mwini thiraki wina pa foni, osaiona thirakiyo. Tenti yake inali yong'ambika pakati, ndipo mvula inawapeza pakati pa Nyimba ndi Petauke. Pofika kuno matumba a pamwamba anali atalira madzi n'kupepuka, a pansi ataumbika ngati miyala, zolemba za pa matumba zitafufutika. Ndinagulitsa ambiri mwa iwo kwa oweta ng'ombe pa mtengo wongoti ndichotse. Mwini thirakiyo anakana mlandu chifukwa panalibe chimene tinalemberana. Kuyambira pamenepo ndimaona chithunzi cha tenti ndi pansi pa thiraki ndisanalipire kalikonse, timalemberana, ndipo katundu wanga wambiri ndimakoka pakati pa Meyi ndi Okutobala. Nyengo ya dzinja misewu ya kufupi ndi Nata imathanso kusefukira, ndipo chinyontho chimalowa mu mchere ngakhale uli m'nyumba. Muusanje pa matabwa, osaugunditsa khoma, ndipo denga la malata limene lili pamwamba pake mudzaliona likuchita dzimbiri msanga.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Ku Sowa kumatuluka mchere wamitundu ingapo, wina wa m'mafakitale, wina wa chakudya. Wa anthu uyenera kukhala wothira ayodini, lamulo la dziko lino limatero, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza. Padzapezeka wina wokunong'onezani kuti wopanda ayodini ndi wotchipa ndipo wogula sangasiyanitse. Zoonadi sangasiyanitse ndi lilime. Koma agogo anga aakazi anamwalira ali ndi chotupa cha pakhosi chachikulu ngati chibakera, ndipo m'mudzi mwathu sanali okha. Ana athu sakuchidziwa chotupacho chifukwa cha kamchere kopimidwa ndi anthu ngati inu. Ayodini amathawanso mchere ukakhala pa dzuwa ndi pa chinyontho, ndiye mulu wanu wa mu msika muziuvundikira.

Tsono kodi mungathe? Nokha, pa matumba khumi pa sabata, ayi. Matumba 600 angakutengereni kupitirira chaka, mpamba wonse utagona m'nyumba, kwinaku mchere wa m'nyanja wochokera ku Mozambique ukukutsitsirani mtengo. Koma mukakhala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi odalirana, aliyense ndi matumba 120 kapena 100, zimatheka, ndipo inenso ndinayamba choncho. Musanasonkhe ndalama, pezani kaye ogula ambiri: okonza nsomba ku Salima ndi ku Nkhotakota, oweta ng'ombe, ophika buledi, a magolosale a kumidzi amene amafuna wamiyala chifukwa umakhalitsa. Mulembe kuti aliyense amatenga matumba angati pa mwezi ndiponso ngati amalipira pompo. Thiraki yanga yotsatira ndikuyembekeza kupakira mu Juni. Ngati gulu lanu lidzakhale litakonzeka, mmodzi wa inu adzabwere tidzakhale limodzi kwa ejenti, aone mapepala onse ndi maso ake kuyambira pa invoyisi mpaka pa chidindo cha pa Mchinji.