Mphete imene imagwira polymerase III pa chingwe cha DNA

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Luchenza amene akuphunzira ku MUST, uko ku Ndata. Anati: "Aphunzitsi, DNA polymerase I ndi puloteni imodzi yokha ndipo imakopera DNA. Nanga bwanji polymerase III ya E. coli ili ndi zidutswa za mitundu 10? Mayina ndaloweza, koma ntchito yake sindikuimvetsa."

Achemwali, kuloweza kumeneko kumandimvetsa chisoni, chifukwa makinawa ndi okongola kwambiri munthu akawaona akugwira ntchito.

Onani kaye kukula kwa munda. DNA ya E. coli ndi yozungulira, zingwe ziwiri zopotana, ndipo chilichonse chili ndi zilembo (timagawo ta DNA totchedwa A, T, G ndi C) pafupifupi 4.6 miliyoni. Bakiteriyayu amakopera zonsezo m'mphindi pafupifupi 40. Ntchito imayambira malo amodzi otchedwa oriC n'kulowera mbali ziwiri, ndiye mukawerengetsa mupeza kuti mbali iliyonse ikulemba zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi. Polymerase I, imene Arthur Kornberg anaitulukira mu 1956, liwiro limenelo ilibe. Mu 1969 Paula De Lucia ndi John Cairns anapeza E. coli imene polymerase I yake inali yolumala, koma inkangoswanabe. Apa zinaonekeratu kuti mwini ntchito ndi wina, polymerase III, ndipo amene anam'peza posakhalitsa ndi Thomas Kornberg, mwana wa Arthur yemweyo, pamodzi ndi Malcolm Gefter.

Pakati pa makinawa pali zidutswa zitatu zogwirana. Alpha ndiye mlembi, amalumikiza zilembo. Epsilon ndi wochonga: chilembo cholakwika chikalowa, amachidula kuti alpha alembenso. Theta ndi kakang'ono, kamangolimbitsa epsilon. Koma atatuwa paokha ndi ofooka zedi. Amalemba zilembo khumi kapena kupitirirako pang'ono, basi agwa pachingwe.

Ngati pa zonse ndalembazi mukumbukirepo chimodzi, chikhale beta. Munaonapo galu womangidwa pa waya wautali? M'nyumba zina za m'maesiteti a tiyi kuno ku Mulanje amakoka waya kuchoka pa mtengo wina kukafika pa wina, n'kulowetsamo mphete yachitsulo, unyolo wa galu n'kuukola pamphetepo. Galu amathamanga utali wonse wa waya, koma kuchokapo sangathe. Beta ndi mphete yoteroyo. Ndi zidutswa ziwiri zofanana zolumikizana mutu ndi mchira, pakati pali bowo lokwana DNA. Simamatira pa DNA ayi, imangoizungulira n'kumatsetsereka, ndipo alpha ndi epsilon amagwira pa iyo. Mlembi uja amene ankagwa pa zilembo khumi tsopano amalemba zoposa 50,000 osataya chingwe. Maonekedwe a mpheteyi anadziwika mu 1992, pa ntchito ya magulu a John Kuriyan ndi Mike O'Donnell, ndipo tsiku limene ndinaona chithunzi chake koyamba ndinakhala chete nthawi yaitali. Ntchito yake imachita kuonekera m'maonekedwe momwemo.

Tsopano funsani funso limene mwana wochenjera angafunse. DNA ndi yozungulira, ilibe nsonga. Mphete yotsekeka ilowa bwanji? Pamafunika woitsekula. Imeneyo ndi ntchito ya gulu la zidutswa zisanu: delta, delta prime, ndi zitatu zochokera ku jini ya dnaX. Gululi likagwira ATP, kamolekyu kopereka mphamvu m'selo, limatenga beta, delta n'kuikanula polumikizira pamodzi, monga mayi akanulira chibangili kuti chilowe pamkono. Kenako limafunafuna pamene puloteni yotchedwa primase yaika kachidutswa koyambira ka RNA, mbale wake wa DNA. Likapapeza limaphwanya ATP, mphete imatsekeka, ilo n'kuisiya kuti mlembi agwirepo. Chi ndi psi ndi othandizira gululi. Chi amagwirana ndi SSB, puloteni yophimba chingwe chimene chatsala chokha.

Jini ya dnaX ija ili ndi chodabwitsa chake. Imatulutsa mapuloteni awiri. Ribosome, imene imapanga mapuloteni m'selo, ikawerenga uthenga wa jiniyi mpaka kumapeto pamatuluka tau. Nthawi zina imaterereka n'kubwerera chilembo chimodzi, n'kuima msanga, pamatuluka gamma, wamfupi. Mchira umene gamma alibe ndi umene tau amagwirira alpha komanso DnaB, helicase yomasula zingwe kutsogolo. Choncho tau ndiye kapitawo, womanga onse kuti aziyendera limodzi. Tau aliyense angagwire mlembi mmodzi, ndipo mu 2010 gulu la David Sherratt ku Oxford linawerenga alembi atatu pamalo amodzi okoperapo m'maselo amoyo.

Alembi angapo amafunikiranji? Zingwe ziwiri zija zimayang'ana mosemphana, pomwe alpha amalemba kulowera mbali imodzi yokha. Chingwe china chimalembedwa mosadukiza ndi mphete imodzi. Chinacho chimalembedwa m'zigawo za zilembo 1,000 mpaka 2,000, zimene Reiji ndi Tsuneko Okazaki anazionetsa mu 1968, ndipo chigawo chilichonse chimafuna mphete yatsopano, pafupifupi sekondi iliyonse kapena awiri. N'chifukwa chake wotsekula mphete sakhala patali, amayenda ndi gulu lonse. Polymerase I yanu ija imabwera pambuyo kudzachotsa RNA n'kudzazamo DNA, puloteni ina yotchedwa ligase n'kusoka zigawozo.

Popeza mukuphunzira za thanzi, ndionjezepo ichi. Tizilombo ta TB, matenda amene atitengera abale ambiri kuno, tili nayonso mphete ya beta. Mu 2015 ofufuza anaonetsa kuti mankhwala otchedwa griselimycin, ochokera ku bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Streptomyces, amakhala pamalo penipeni pamene polymerase imagwira mpheteyo, ndipo kukopera kumaima. Ife anthu mphete yathu ndi PCNA, ya zidutswa zitatu, yosiyana ndi beta. Griselimycin sanafikebe m'zipatala zathu. Mukadzafika posankha mutu wa kafukufuku wanu wa chaka chomaliza, mudzandilemberenso, tidzakambirane za mphete ya TB imeneyi.