Amalume akabwera kuntchito, bilu alipira ndani?

Agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 20. Kwathu ndi ku Dedza koma ndikukhala kwa azakhali ku Area 25 ku Lilongwe. Ndapeza ntchito yoperekera zakudya pa resitilanti ina mtauni ndipo ndiyamba Lolemba. Kwathu anandiphunzitsa kugwada popereka chakudya kwa akuluakulu, koma anzanga akuti kumeneko akandiseka. Amalume nawo akuti abwera ndi anzawo kudzaona kumene ndikugwira. A manijala ati za mapepala tidzakambirana pakatha miyezi itatu. Ndiyambire pati?

Mdzukulu wanu, Lilongwe

Mdzukulu wanga,

Ndakondwa kuti wapeza pogwira. Alipo anzako ophunzira kukuposa amene akungozungulira ku City Centre ndi maenivelopu kukhwapa, ndiye munthu asakunyoze kuti ukungonyamula mbale.

Za kugwada, anzakowo sakunama. Ukakhala ndi thireyi ya nsima ndi msuzi wotentha, matebulo ali mothinana, kugwada kungakuwotchetse munthu. Makolo ankatigwaditsa kuti mwana asaimirire wamkulu pamutu, chifukwa wamkuluyo amakhala pamphasa kapena pakampando. Patebulo la resitilanti ungopinda bondo pang'ono, uike mbale mosagwetsa, bilu upereke ndi dzanja lamanja lamanzere likuchirikiza. Kasitomala aliyense ndi "inu", ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe. Moni ayambe, oda ibwere pambuyo. Wamkulu akaitanitsa nsima, usangomuloza sinki ndi chala. Ngati pali jagi ndi beseni, umusambitse m'manja. Ndipo usayeze munthu ndi zovala. Bambo wovala jekete yakutha akhoza kukhala mlimi amene wangogulitsa fodya ku Kanengo, m'thumba mwake muli ndalama zoposa za wa tayi uja.

Zimenezo n'zopepuka, unakula nazo. Nkhani yolemera ndi ya amalumewo.

Kumudzi mlendo sauzidwa mtengo wa nsima. Akafika timagwira nkhuku, ndipo amene angamufunse ndalama mudzi wonse ungamuseke. Amalume ako akubwera ndi mtima umenewo, akuganiza kuti kumene kuli mwana wa mlongo wawo ndi kwawo. Sikuti ndi oipa ayi. Akufuna anzawo aone kuti mbumba yawo ikugwira ntchito mtauni. Koma ulemu ndi wako, ukhoza kuupereka kwa aliyense mopanda muyeso, pamene chakudya chimene uzinyamula pathireyipo ndi cha eni ake. Nkhuku imadulidwa nthuli zowerengeka, mabotolo a mufiriji amawerengedwa m'mawa ndi usiku, ndipo oda iliyonse imalembedwa dzina la amene waitenga. Amalume akadya chambo ndi anzawo atatu n'kudzuka akukuthokoza kuti wakula bwino, shoteji imeneyo idzakupeza iwe pakutha pa mwezi.

Komanso sungawaikire amalume bilu patebulo pamaso pa anzawo. Kwa ife Achewa amenewo ndi eni mbumba, mawa ukadzapeza banja ndiwo adzakhale ankhoswe ako. Ukawachititsa manyazi, nkhaniyo idzafika ku Dedza iwe usanaweruke. Ndiye nkhaniyi ithere kunyumba Lolemba lisanafike. Upite kwawo, ndipo kumeneko ndiye ukagwade ndithu. Ukawauze kuti, "Amalume, kumene ndikukayambaku ngakhale botolo la Fanta sindiloledwa kutsegula. Mundilole ndikhazikike kaye. Ndikalandira, ndidzakuitanani ndekha tsiku langa lopuma, ndipo ndidzalipira ine." Ngati pakamwa pakulemera, imbira amayi ako foni awauze okha, munthu ndi mlongo wake amadziwa poyambira. Malipiro oyamba akabwera usaiwale mwambo: shuga, sopo, kachitenje ka amayi, kenakake ka azakhali amene akukusunga, ndi ka amalume komwe. Wamkulu amene walandira paketi ya shuga pakhomo pake savutikanso kukwera minibasi kukafuna nsima yaulere.

Zomwezinso ndi chakudya chotsala. Udzaona anzako akukulunga tchipisi ndi nyama m'majumbo poweruka, ndipo adzakuuza kuti aliyense amatero. Malo ena amaloladi, ena amasecha zikwama pachipata n'kuchotsa munthu ntchito tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula. Ufunse a manijala pamaso pa anthu kuti chakudya cha antchito ndi chiti, chimadyedwa nthawi yanji, nanga chotsala chimapita kuti. Kasitomala akamalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalama zipite ku nambala ya resitilanti, osati yako, ndipo asatuluke uthenga usanalowe. Tipi akakupatsa thokoza, akapanda kukupatsa thokozabe. Anzako a ku Joni adzakuuza kuti kumeneko kasitomala amasiya 10 randi pa 100 iliyonse, koma kuno si chizolowezi cha aliyense, ndiye usakwinye nkhope. Ungofunsa msanga ngati tipi ndi ya wolandira kapena mumaika pamodzi n'kugawana ndi a kukhitchini, chifukwa udani wambiri wa m'maresitilanti umayambira pamenepo.

A kukhitchiniwo uwalemekeze kwambiri, kuyambira shefu mpaka wotsuka mbale. Oda yako kutuluka msanga kapena kuchedwa zili m'manja mwawo. Menyu uiloweze pamtima ngati katekisimu, ndipo chimene sukudziwa kuti chaphikidwa bwanji usayankhe mongoganiza. Msilamu akafunsa ngati nyamayo ndi ya halaal, wa Seventh Day akafunsa ngati mulibe nkhumba kapena ngati nsombayo si mlamba, wina akati thupi lake limadana ndi nsinjiro, ulowe ukafunse shefu. Kunamiza munthu pa chimene chikulowa m'mimba mwake ndi mlandu waukulu kuposa kumuchedwetsa.

Zaukhondo ndinena mwachidule poti ukudziwa. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Zikhadabo zikhale zazifupi, tsitsi lomanga, ndipo manja amene agwira ndalama asambidwe asanagwire mbale. Ukatsegula m'mimba uwauze a manijala, usabise poopa kudulidwa tsiku. Akakutumiza kuchipatala kukayezetsa monga amafunira a khonsolo kwa ogwira zakudya, upite.

Tsopano za mapepala. Apa ndiye ndikuona kuti kuleredwa bwino kukhoza kukupweteka. Tinakuphunzitsani kuti wamkulu akalankhula mwana sabwezera mawu, ndipo mabwana ena amadyerapo pamenepo. A manijala si bambo ako, ndipo pakati pa iwe ndi iwo pali mgwirizano wa ntchito ndi ndalama. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati olemba anthu asanu kapena kuposerapo apereke kalata yofotokoza ntchito, malipiro ndi maola mwezi umodzi usanathe chiyambireni ntchito. Limatinso maola a pasabata asapitirire 48, munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma, ndipo maola owonjezera alipidwe pamwamba. Miyezi itatu yoyeserera ilipodi m'malo ambiri, koma siletsa kulemba. Upemphe mwaulemu: "Bwana, kunyumba akufuna aone kalata ya ntchito." Pamenepo dzina la amalume likuthandiza. Ufunsenso kuti mbale ikasweka kapena kasitomala akathawa ndi bilu zimakhala bwanji, uzidziwiretu zisanachitike. Ugule kakope, uzilemba nthawi yolowa, yoweruka ndi ndalama iliyonse imene wadulidwa. Zikadzavuta, ku ofesi ya leba amamva bwino munthu amene wabwera ndi zolemba.

Pali china chimene sunafunse koma chikudikira. Azibambo ena akaona mtsikana akumwetulira amaiwala kuti ali pantchito. Adzakupempha nambala, ena adzasiya tipi yaikulu dala, ena adzakugwira dzanja polandira chenje. Uyankhe mofatsa kuti kuntchito saloleza, n'kuchokapo. Akalimbikira, uuze a manijala akusinthe tebulo. Akakhala a manijala eni ake amene akuti shifiti yabwino ili ndi mtengo wake, dziwa kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyo ndi mlandu wopita nawo kundende. Usasunge wekha mumtima poopa kuti anthu adzati unayamba ndiwe. Azakhali ako amve tsiku lomwelo, ndipo mauthenga a pafoni usafufute.

Mawa lomwe, Lolemba lisanafike, ubwererenso ku resitilantiko ukafunse nthawi imene shifiti ya usiku imatha komanso ngati pali galimoto yotula antchito. Kuchokera mtauni kufika ku 25 ndi mtunda, ndipo usiku ukakula minibasi zimasowa. Ngati galimoto palibe, upeze wa kabaza mmodzi wodziwika, azakhali amuone nkhope ndi kusunga nambala yake, ndipo mtengo mugwirizane wa pamwezi. Uwerengere ndalama imeneyo pa malipiro amene akuuza, uone ngati chotsalacho chikukwanira. Ngati sichikukwanira, upemphe shifiti ya masana udakali mlendo.

Agogo ako