Mwana wanga wayamba kudziderera

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wasintha. Anali wochangamuka, koma masiku ano akalakwitsa kanthu amangoti, "Ine ndine mbuli basi." Bambo ake amakonda kumuuza kuti azitengera mng'ono wake amene amakhoza bwino kusukulu. Ine ndimamuyamikira tsiku ndi tsiku, koma sizikuthandiza. Kodi vuto lili pakhomo pathu?
Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, zina ndi za msinkhu. Mwana akamatha msinkhu thupi limasintha, ndipo amayamba kudziyerekeza ndi anzake. Komabe mawu akuti "mbuli" anawatola penapake, ndiye tiyambire pa zoyerekezazo.

Bambo akamati "ona mng'ono wako", iwo amati akumulimbikitsa. Mwanayo amamva zina: kuti pakhomo pano amakonda wokhoza, ndipo malowo ali kale ndi mwini wake. Alimbikiranji? Amagwa ulesi, ndipo chidani ndi mng'onoyo chimayambira pomwepo. Kambiranani ndi bambo ake muli awiri, ana kulibe, ndipo mugwirizane kuti muzimuyerekeza ndi iye mwini: teremu yatha masamu anapeza 40, ino wapeza 48, anachita chiyani kuti akwere?

Kuyamikira kwanu nako tikuunike. Mu 1998, akatswiri ofufuza za maganizo a anthu, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anapeza kuti ana otamandidwa kuti ndi anzeru ankafooka msanga akakumana ndi mafunso ovuta, kusiyana ndi otamandidwa chifukwa cha khama. Mwana wamkulu sapusitsika. Mukamuuza kuti "ndiwe wanzeru" atangolephera mayeso, amadziwa kuti mukungomutonthoza. Tchulani chimene mwaona ndi maso: "Funso lija linakuvuta, koma unalibwereza mpaka unalipeza." Podzudzulanso n'chimodzimodzi. Nenani cholakwacho, monga kufika mochedwa osadziwitsa, osati kumutcha wamwano kapena waulesi. Ndipo musamudzudzule pamaso pa anzake kapena alendo, chifukwa pa msinkhu umenewu manyazi amapweteka kuposa chilango.

Ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi kumulekerera. Ayi. Katswiri winanso wa za maganizo, Stanley Coopersmith, mu 1967, anapeza kuti ana odzidalira ankachokera m'mabanja owalandira mwachikondi, okhala ndi malamulo omveka bwino, koma olemekezanso maganizo a mwana. Choncho ikani malamulo ochepa, atatu kapena anayi, mufotokoze chifukwa chake, nayenso anenepo maganizo. Mumupatsenso ntchito imodzi yoti ikhale yakeyake, imene banja lingavutike akapanda kuigwira. Akaigwira mokhotakhota, gwirani mtima, musaibwereze iye akuona. Kutero n'kumuuza kuti sangathe.

Patulani mphindi 10 kapena 15 patsiku zocheza naye yekha, foni ili patali, osafunsa za sukulu. Masiku oyamba azingoyankha kuti "palibe", musagwe mphwayi. Ngati inu ndi bambo ake mumakangana, ana asamamve, ndipo musamamutume kukanena mawu kwa mnzanuyo, poti ana ambiri amadziimba mlandu pa mikangano ya makolo.

Zikapitirira milungu iwiri akungokhala ndwii, osadya bwino, osagona, kapena atasiya zimene ankakonda, pitani naye kuchipatala akamuone, pakhoza kukhala matenda ovutika maganizo. Akadzivulaza dala kapena akatchula zofuna kufa, musadikire kuti kuche, ndipo musamusiye yekha.